Chilimwe Chimene Ndinaphunzitsa Adadi Waltz

Fulati ya Anti Pat inkanunkhira polishi wa pansi ndi buledi wopserera. Fungolo linkakulonjera pakhomo mwini nyumba asanatulukire, ndipo linkakanirira m'juzi yanga ya kusukulu tsiku lonse, moti Amayi akabwera kudzanditenga ankandinunkhiza m'mutu n'kunena kuti ndatsala pang'ono kusanduka mzungu. Anti Pat sanali mbale wathu. Anali mayi wokalamba wachizungu amene ankakhala pansi penipeni pa mdadada wathu wa mafulati ku Woolwich, mumzinda wa London, kuseri kwa msika, ife tili pa nsanjika yachitatu. Ankakhala okha ndi mphaka wonenepa, waulesi, dzina lake Duke. Pawindo lawo pankamveka zonse za mumsewu: ogulitsa zipatso akukuwa, mabasi akuusa moyo pa siteji, ndiponso nthawi zina, mphepo ikachokera kumtsinje, kulira kwa feri yowolotsa anthu. Chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinakhala m'fulati imeneyo nthawi yaitali kuposa m'nyumba mwathu.

Chinachititsa ndi matenda a Adadi. Anagwa Loweruka lina m'mawa m'khitchini, akuthira madzi m'ketulo. Ine ndinali pabalaza kuonera makatuni, ndipo ndinangomva phii, ngati thumba la ufa lagwa pa shelefu. Amayi ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, choncho atangoona mmene pakamwa pa Adadi panapendekera, sanafunse zambiri, anathamangira foni. Ambulansi inawatengera kuchipatala ku Lewisham. Inali sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinangoti lobodo.

Adadi anabadwira ku Zimbabwe, pa famu ya fodya kumene agogo anga ochokera ku Dedza anakafuna ntchito, ndipo anakula akulankhula Chichewa, Chishona ndi Chingelezi osapunthwa. Ku London ankayendetsa vani yogawa katundu m'masitolo, ndipo ankacheza ndi mlonda aliyense kuyambira ku Plumstead mpaka ku Croydon. Koma atatsitsimuka kuchipatala kuja, Chingelezi ndi Chishona zinali zitawathawa. Chinatsala ndi Chichewa chokha, nachonso chinkadontha liwu limodzilimodzi ngati mpopi wakutha. Apa panali vuto, chifukwa ine Chichewa ndinkangochimva. Akandilankhula ndinkayankha m'Chingelezi, monga ana onse a kutchalitchi kwathu. Tsopano ndikalankhula, Adadi ankangondiyang'ana pakamwa, maso ali mwaa, osatolapo kanthu.

Nyumba yathu inasintha kamvekedwe. Kale tsiku linkayamba ndi Adadi akuimba m'bafa ndi kulira kwa makiyi a vani, tsopano linkayamba ndi alamu ya foni ya Amayi ndi mapazi awo othamanga. Jekete la Adadi la kuntchito, lachikasu chowala, linatsala pa msomali kuseri kwa chitseko, likununkhabe dizilo ndi timaswiti timene ankatafuna poyendetsa. Amayi sakanatha kusiya ntchito, ndiye ankangoti kuntchito, kuchipatala, m'basi. Ndi Anti Pat amene anawaimitsa pakhomo tsiku lina n'kuwauza kuti mwanayu azibwera kwa iwo, ndipo panalibe zokambirana. Kufikira nthawi imeneyo tinkangopatsana nawo moni. Ankandidyetsa nyemba za m'chitini pa buledi, kapena soseji ndi mbatatesi yophwanya. Amayi pothokoza ankawatumizira mbale ya nkhuku ndi masamba otendera. Nkhukuyo Anti Pat ankaimaliza, koma masambawo ankawatembenuza ndi foloko mokayikira n'kundikankhira ine.

Liwu loti waltz ndinalimva pa wodi, kwa mayi wina wamtali dzina lake Helen, amene ntchito yake inali yophunzitsa odwala kuyendanso. Amayi ankangomutchula kuti wa fiziyo. Tsiku lina anandipeza nditaima kumiyendo kwa bedi, nditagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Anawerama n'kundiuza m'Chingelezi kuti ndisadandaule, bambo anga ndi munthu wamphamvu, ndipo posachedwa adzatuluka muno akuchita waltz. Ananena akumwetulira n'kumapita kwa wodwala wina. Ine liwulo ndinalisunga mmene munthu amasungira dzina la mankhwala.

Patapita masiku ndinamva Amayi akulankhula pafoni ndi mchemwali wawo wa ku Zomba. Makoma a mafulati aja anali opyapyala, ndipo Amayi ankaiwala kuti khutu langa limamva Chichewa ngakhale pakamwa pankakana. Ankafotokoza kuti lifiti ya mdadada wathu imafa pafupipafupi, ndiye achipatala sangalole Adadi kubwera kunyumba ngati sakutha kuyenda ndi kukwera masitepe. Akalephera, adzawapezera malo m'nyumba yosamalira anthu ngati imene Amayi ankagwirako. Nyumba imeneyo ndinkaidziwa. Ndinapitako pa Khirisimasi kukaimba ndi ana a Sande sukulu, ndipo ndinaona azibambo atandandalikidwa pamipando moyang'ana TV imene sankaionera, atafunditsidwa mabulangeti m'miyendo. Sindinamvepo kuti wina wa iwo anabwerera kwawo. Ndinalumikiza ziwirizi ndekha. Waltz ayenera kuti ndi mayeso amene wodwala amalemba kuti atuluke, ndipo Adadi akalakwa, mpando wa pa TV uja ukuwadikira.

Chodabwitsa n'chakuti ukangolidziwa liwu, limayamba kukulondola paliponse. Kusukulu, tsiku limene ndinachedwa chifukwa Amayi anachedwa kuweruka shifiti, aphunzitsi anandiuza kuti sindingamangochita waltz in nthawi imene ndafuna ngati kalasi ndi kwathu. Sabata yomweyo anauza mnyamata wina wanzeru kwambiri kuti mayeso a masamu adzangochita waltz through, ndipo zimenezi zinanditsimikizira kuti liwuli likukhudza mayeso ndithu. Koma Anti Pat ndi amene anandisokoneza kotheratu. Duke ataba nsomba m'mbale n'kutuluka nayo pawindo mchira uli m'mwamba, iwo anati wachita waltz off ndi nkhomaliro yawo. Tsiku lina akusenda mbatatesi anandiuza kuti mwamuna wawo nayenso anachita waltz off zaka zambiri zapitazo, ndi mkazi wina wa kochapitsira zovala. Ndiye Helen ankafuna kuti Adadi achite chiti? Achedwe, akhoze masamu, abe nsomba, kapena atithawe?

Popita kuchipatala tinkakwera basi ya 54, m'mwamba kutsogolo, ndipo inkadutsa pabwalo lalikulu la udzu la ku Blackheath. Sabata ina kunabwera anthu a masewera, atamanga makina awo ozungulitsa anthu, magetsi amitundumitundu akuthwanima dzuwa likuswa mtengo. Basi itaima pa siteji ndinawerenga zilembo zikuluzikulu pamwamba pa makina amodzi: WALTZER. Pansi pake panali mipando yonga mabeseni, ikukwera ndi kutsika, ikupota anthu mpaka tsitsi kuima cham'mbali, iwo akukuwa. Fungo la anyezi wokazinga ndi shuga wopserera linalowera pawindo. Ndinayerekezera Adadi atakhazikidwa m'beseni limodzi, dzanja lakufa lija likuuluka lokha. Amayi anali pafoni, akupempha mnzawo kuti asinthane shifiti, ndipo sanaone kanthu.

Mawa lake ndinafunsa Anti Pat. Poyamba anaseka mpaka kutsokomola atagwira tebulo, makamaka nditatchula za mabeseni aja. Koma ataona kuti ine sindikuseka, anazimitsa ndudu yawo n'kundikhazika pansi, ndipo ndinawafotokozera zonse, za Helen, za lifiti, za mipando ya pa TV. Anayang'ana pawindo. Kenako anandiuza kuti waltz weniweni ndi gule, wovina anthu awiri atagwirana, ndipo matanthauzo ena onsewo ndi ana ake chabe. Munthu akamalowa, kutuluka kapena kudutsa penapake mopepuka, mosaopa munthu, ngati akuvina, Angelezi amabwereka liwu lomwelo, nthawi zina pomuyamikira, kawirikawiri pomunena. Ine za ana akezo sindinazisamale. Ndinangomva kuti ndi gule, ndipo gule amaphunzirika. Ndinawafunsa ngati amamudziwa. Anangodzuka n'kukankhira tebulo kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo khitchini ya Anti Pat inasanduka bwalo, poyamba ndikaweruka kusukulu, kenako, titatsekera, kuyambira m'mawa. Ankayika nyimbo zakale za mavayolini pa kawailesi kawo ka mafuta m'mabatani. Ankavula masilipasi, ine nsapato, ndipo pansi poterera paja tinkayenda ndi masokosi okha. Dzanja lawo linali lozizira, lofewa, lonunkhira sopo ndi fodya. Anandiphunzitsa kuti phazi limodzi limapita patsogolo, linalo kumbali, kenako loyamba lija limabwera kudzatseka, basi, ngati ukujambula bokosi pansi. Anandipatsa mbali ya mwamuna, yotsogolera, chifukwa anati Adadi adzafunika wowatsogolera. Ndinkawaponda zala, Duke ankatidutsa m'miyendo, madzi a tiyi ankawira mpaka kuphwa titawaiwala. Koma pozungulira, mayi amene popita kumsika ankapumira panjira uja ankapepuka ngati mtsikana, mutu atapendeketsa, maso atatsinzina.

Nthawi zina nyimbo ikatha ankakhala pansi kupuma n'kundiuza za maholo ovinira amene analipo ali mtsikana, asilikali a kubalaki atapolisha nsapato, atsikana atandandalika m'mbali mwa khoma kudikira wowapempha. Mwamuna wawo anakumana naye kumeneko. Anati ankavina ngati mapazi ake sakhudza pansi, ndipo chimenecho chikanayenera kuwachenjeza. Ananena akuseka, koma tsiku limenelo sitinavinenso.

Kuchipatala zinthu sizinkasuntha. Adadi anatembenukira kukhoma. Helen akabwera ndi chogwirira choyendera, Adadi ankapukusa mutu n'kutsinzina. A kutchalitchi ankabwera Lamlungu atatchena, n'kuzungulira bedi kuimba motsitsa mawu, koma Adadi, amene kale ankatsogolera besi m'kwaya, ankakokera nsalu kumaso ndi dzanja lamanzere. Phala limene Amayi ankabweretsa m'fulasiki linkabwerera theka. Amayi ankawameta ndevu, kuwadzoza mafuta m'mapazi, kuwafotokozera nkhani za kuntchito ngati palibe chachitika, koma potuluka pa wodi ankaima pa sinki nthawi yaitali, madzi akungotsika manja atayera kale. Tsiku lina ndinamva Helen akuwauza m'kolido kuti mwendowo mphamvu ulinazo ndithu, koma mwini wake ndi amene sakufuna, ndipo bedi la pa wodi imeneyo sangawasungire Adadi mpaka kalekale. Ulendo umenewu sanamwetulire.

Ndinazindikira kuti gule yekha sakwanira. Ndikanawapempha bwanji Adadi pamene Chingelezi changa chinkangowadutsa? Ndinayamba kutchera khutu. Kutchalitchi, m'malo mothamangira panja ndi anzanga, ndinkakhala pafupi ndi azimayi akamagawa tiyi, kumvetsera mmene amauzirana zochita, mmene amati tiyeni, dzukani, gwirani apa. Kumsika, m'kasitolo kamene Amayi ankagulako ufa ndi usipa wouma, ndinkabwereza chamumtima zimene ankalankhulana ndi mayi wa ku Zambia wogulitsamo. Pakamwa panga mawuwo ankalemera ngati miyala, ndipo ndinkawayeserera ndili ndekha m'lifiti, kapena pamasitepe lifitiyo ikafa, pamene panalibe wondiseka. Amayi sindinawafunse, poopa kuti andiletsa.

Ndinasankha Lamlungu lina masana, a kutchalitchi atapita, Amayi atatsikira pansi kukagula tiyi. Pa wodi panali potentha, pakununkha mankhwala okolopera ndi kabichi wa nkhomaliro. Ndinavula nsapato n'kuima kumbali imene Adadi anayang'ana, pakati pa bedi ndi khoma.

"Adadi, dzukani," ndinatero. "Tiyeni tivunde."

Anatsegula maso. Kanali koyamba kundimva ndikuwalankhula m'Chichewa, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Titani?"

"Tivunde. Chonchi." Ndinakweza manja ngati ndagwira munthu n'kujambula bokosi langa pansi.

Chinayamba ngati chifuwa. Mapewa awo anagwedezeka, mbali imodzi ya pakamwa inakwera inayo n'kutsala, kenako kunatuluka phwete lokhota limene ndinali ndisanalimvepo, misozi ikutsikira m'khutu. Anaseka mpaka bambo wa pabedi loyandikana nalo anatsitsa nyuzipepala.

"Kuvunda," anatero atapeza mpweya, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe cha pachitsime, "ndavunda kale, Tamanda. Kuvina. Unene kuti tivine."

Ndinanena kuti tivine, ndipo iwo anadzikoka ndi dzanja lamanzere mpaka kukhala tsonga m'mphepete mwa bedi. Mapazi awo anali otupa, otuwa, ngati a munthu wina. Ndinayika dzanja lakufa lija paphewa panga, lolemera ndi lofunda ngati khanda logona, n'kuwagwira m'chiuno mmene Anti Pat anandiphunzitsira. Anaimirira. Ndinali nditaiwala kuti Adadi ndi aatali chonchi. Tinaima choncho tikunjenjemera tonse, ine ndikumva mtima wawo ukugunda pamwamba pa mutu wanga. Ndinasuntha phazi langa. Iwo atangonyamula lamanzere kuti anditsatire, bondo lamanja linapindika. Anagwera chagada pabedi, ine pamwamba pawo, ndipo jagi ya madzi inagubuduka pa kabati n'kumwaza madzi ponseponse.

Nesi wamkulu wa pa wodi anafika akuthamanga. Atawagoneka bwino Adadi, kuwayang'ana m'maso ndi kuwagwira m'mafupa, n'kuona kuti sanavulale, anatembenukira kwa ine maso ali psuu. Chifukwa chokwiyira anali nacho, pakuti munthu wa thupi la Adadi akanagwera pansi akanatha kuthyoka chiuno. Anandiuza kuti sindingamangochita waltz in pa wodi yake n'kumadzutsa odwala m'mabedi. Ine, ndikulira, masokosi atanyowa, ndinamuyankha kuti waltz yemweyo ndi amene timachita, chifukwa Helen anati ndi mmene Adadi adzatulukire. Bambo wa nyuzipepala uja anabisa nkhope. Pamenepo m'pamene Amayi anatulukira, makapu awiri a tiyi ali m'manja.

M'basi pobwerera tinadutsa ku Blackheath, kumene a masewera aja anali atasamuka n'kusiya mabala achikasu pa udzu. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma chimene ndinkaopa kwambiri n'chakuti andiletsa kupitanso kuchipatala, kapena kuti kugwa kuja kwawerengedwa kale ngati kulephera mayeso. Amayi anangondifunsa kuti za nyumba ya okalamba ndinazimva kuti. Nditawauza, anaphimba pakamwa ndi dzanja. "Mwana iwe," anatero, "katundu yenseyu wakhala ukusenza wekha?" Anandifotokozera kuti palibe chipatala chimene chimayesa anthu gule, kuti Helen ankangolankhula mmene Angelezi amalankhulira pofuna kulimbitsa munthu mtima. Ndinafunsa ngati za masitepe zinalinso zongolankhula. Apo Amayi sananame. Anati ayi, zimenezo n'zoona.

Masiku otsatira ndinakhala kwa Anti Pat ndili khuma, osafuna n'komwe kumva mavayolini. Iwo sanandikakamize, anangosiya tebulo lili kukhoma komweko. Ndiye Amayi anabwera tsiku lina n'kunena kuti Helen akundifuna. Ndinapita nawo. Helen anatitengera m'chipinda chachikulu cha mawindo ambiri, momwe munali mipira ikuluikulu, masitepe amatabwa osapita kulikonse, ndi zitsulo ziwiri zazitali zogwira poyenda. Adadi anali kale momwemo pa njinga ya odwala, atavala buluku la masewera, ndevu zitametedwa. Helen anagwada kuti tilingane msinkhu. Anandiuza kuti mawu aja amauza aliyense, ndipo sanaganizepo kuti wina angawasenze n'kupita nawo kunyumba. Kenako anati kuyambira Lolemba bambo anga akhala akumulozera chitseko n'kumabwereza liwu limodzi, mpaka iye anachita kufunsa Amayi tanthauzo lake. Liwulo linali tivine. Anaika malamulo ake: tizivina pakati pa zitsulo zokha, iye ali kumbuyo atagwira lamba wa m'chiuno mwa Adadi, ndipo akati basi, ndi basi.

Sikunali kuvina koti munthu n'kuimirira kuonerera. Adadi ankagwira chitsulo ndi dzanja lamanzere, lamanja lili paphewa panga, thukuta likudontha kuchibwano. Phazi lamanja linkakwekwereza ngati lakwatirana ndi pansi. Bokosi limodzi linkatitengera nthawi yoti Anti Pat akanazungulira khitchini yonse n'kuthira tiyi. Helen anati kusunthira kumbali kuja n'kumene iye wakhala akuwapempha kuyambira kale, kungoti analibe nyimbo. Ine ndinkaimba ya mavayolini ija ndi pakamwa, Adadi akuwerenga mokweza, wani, thuu, fili, ndipo tsiku lina Helen anasangalala kuti Chingelezi chayamba kubwerera. Adadi anandituma kuti ndimuuze kuti chimenecho ndi Chichewa chenicheni cha ku Dedza.

Popumula ankandiuza nkhani, pang'onopang'ono, ine ndikuwafunsa tanthauzo la mawu amene sindinkawadziwa. Anati guleyu si wachilendo kwa iwo. Pa famu paja, nthawi ya Khirisimasi, azungu ankamuvina pakhonde la nyumba yaikulu, ndipo ana a m'komboni ankawaonera patali n'kukawatsanzira ndi matsache, mphuno zili m'mwamba, akuluakulu akugwa ndi phwete. Anati sanaganizepo kuti tsache lawo lidzakhala mwana wawo yemwe. Ndinawayankha kuti tsache ndi iwowo, chifukwa wotsogolera ndine. Mawu amenewo ndinawanena onse m'Chichewa osaphonya, ndipo Amayi, amene anali atakhala pa benchi kukhoma, anaomba m'manja kamodzi n'kudzigwira.

Masitepe amatabwa aja anabwera pambuyo pake, kenako masitepe enieni a kuseri kwa wodi, amene Adadi ankawakwera atagwira chitsulo, Helen ali kumbuyo, ine ndikudikira pamwamba. Panali masiku amene ankalekera panjira n'kutukwana mwendo wawo, panalinso masiku amene ankafika. Masamba a mitengo atayamba kuuma m'mbali, yunifolomu yanga yatsopano itagulidwa kale, anatiuza kuti Adadi akubwera kunyumba. Ndinkayembekezera kuti tituluka tikuvina ndithu, kuchokera pabedi mpaka pageti, manesi akuonerera. M'malo mwake anawakankha pa njinga mpaka pa galimoto ya mkulu wa mpingo, ndodo yachitsulo ili pamiyendo, jumbo ya mankhwala ili kwa ine. Ndinakhumudwa pang'ono.

Titafika, Adadi anayamba agogoda kwa Anti Pat. Iwo anatsegula atavala epuloni, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kundodo, n'kunena kuti taonani amene wangochita waltz in ngati sanachokeko. Adadi anawerama pang'ono n'kuwathokoza m'Chingelezi, mawu awiri okha, omveka bwino. Anti Pat anatembenuka msanga n'kuyamba kukalipira mphaka wopanda mlandu. Lifiti tsiku limenelo inali yamoyo, ndipo tinakwera nayo.

Pabalaza panali patadzaza a kutchalitchi, nsapato zitaunjikana pakhomo, mapoto a mpunga ndi nkhuku atandandalika m'khitchini. Anapemphera, anaimba, ndipo Adadi anatsatira besi chapansipansi, akutsalirako pang'ono. Nyimbo ili mkati ndinayang'ana Amayi. Anali pampando wa pakona, jekete asanavule, chikwama chikadali paphewa, nsapato zili kuphazi, ndipo anali m'tulo tofa nato, mutu utagwera kumbuyo, pakamwa pali yasa, dzuwa la masana likuwawomba kumaso. Ndinachita manyazi, ndinakwiyanso. Tsiku lalikulu chonchi, alendo ali m'nyumba, munthu n'kumaliza mkonono? Ndinanyamuka kuti ndikawagwedeze, koma Adadi anandikola mwendo ndi ndodo yawo n'kuika chala pakamwa. Mayi wina anawavula nsapato mwakachetechete n'kuwafunditsa chitenje, ndipo nyimbo inapitirira motsitsa.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti Adadi ndinawayendetsa ndine, ndipo iwo, amene vani anaisiya ndipo mpaka lero amayenda ndi ndodo, sananditsutsepo. Ndinkakhulupiriranso kuti tsiku lija Amayi sanasangalale mokwanira. Panopa ndikudziwa kuti ine ndinangowaseketsa Adadi. Zinazo zinachitika ndi manja a Helen, ndi khama lawo, ndi mwayi umene ena pa wodi ija sanaupeze. Ndikudziwanso kuti Amayi, amene tsiku ndi tsiku kuntchito ankasambitsa ndi kudyetsa azibambo a sitiroko osadzabwereranso kwawo, ankadziwa kuposa tonsefe chimene chikanatigwera, ndipo chilimwe chonse ankachoka kwa amenewo n'kupita kwa mwamuna wawo osauza munthu. Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu nkhawa ikamuchoka amavina. Amayi anga inawachoka masana aja alendo ali m'nyumba, ndipo anagona mpaka mawa lake, palibe amene anawadzutsa.